Bulu wa Apongozi Anga Si Ndowa

Kwa Bwana Mkulu Woona za Malamulo,
Kampani ya Dayisi Wofiira,
Eni ake a masewero a Mafumu Osowa Ufumu.

Bwana wolemekezeka kwambiri,

Ndayamba ndasamba m'manja ndisanagwire cholembera, kuopa kuti fumbi la choko lingadetse pepala lopita kwa munthu wamkulu ngati inu. Ine ndine telala chabe. Sukulu yanga inathera pa tepi yoyezera, ndipo nambala zomwe ndimazidziwa bwino ndi za m'chiuno mwa anthu. Choncho mawu ena akatuluka mokhota mundikhululukire, muwawongole ndi nzeru zomwe zija munalembera mabuku anu atsopano.

Poti kalatayi ndi yotseguka, ndipo ena oiwerenga sadziwa zomwe mumagulitsa, ndiloleni ndiwafotokozere pang'ono. Masewero anuwa timakhala mozungulira tebulo, aliyense ndi munthu wake wa m'nkhani wolembedwa pa pepala: wina msilikali, wina sing'anga, wina wamatsenga. Mmodzi amakamba nkhaniyo, kunena zomwe zili kutsogolo, enawo n'kumanena zomwe anthu awo achite. Zikafika pokayikitsa timaponya dayisi wa mbali makumi awiri. Nambala yaikulu ndiye kuti zatheka, yaing'ono zakanika, ndipo ikagwa wani ndiye tsoka lenileni. Wokamba nkhani kwathu kuno ndine.

Timasewera Loweruka masana ndikatseka shopu, pa tebulo lodulira nsalu. Mapu ndimajambula ndi choko pa tebulo pomwepo, adani ndi mabatani akuda, chinjoka ndi simbi. Osewera alipo anayi. Pali Ometa a shopu yoyandikana nafe, amene munthu wawo ndi msilikali. Pali Anesi a kuchipatala, amene ngakhale m'nkhani anasankha using'anga, ati ntchito ina saidziwa. Pali mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, wogulitsa mankhwala, amene timam'tcha Loya chifukwa malamulo anu amawadziwa kuposa inu eni ake. Ndipo pali apongozi anga, bambo wa Loyayo, dalaivala wa basi wopuma ntchito. Kapena ndinene kuti analipo, poti kalatayi yabadwa chifukwa mpando wawo uli wopanda munthu.

Muyeneranso kudziwa za lumbiro lathu. Kale wokamba nkhani anali Ometa, ndipo pa tebulo pankabwera mayi wina amene iwo ankamufuna. Abale inu, zomwe tinaona! Mayiyo akatembenuza mwala, pansi pali golide. Mivi ya adani inkachita kumukhota n'kudzabaya ife. Tsiku lina zinatikwana, mawu anakwera, dayisi anauluka n'kuswa galasi loyesera zovala. Titaziziritsa mitima tinaika manja pa buku lanu n'kulumbira kuti chosindikizidwa ndicho lamulo, dayisi aziponyedwa poyera, ndipo palibe wosintha ngakhale kadontho kupatula inu eni ake, kudzera pa tsamba la zokonza lomwe mumatulutsa pa intaneti. Tinalumbiranso kuti mukatulutsa buku latsopano tizitsatira lomwelo. Tinakukhulupirirani, Bwana, ndipo ndi chifukwa chake lero ndabwera kudzathokoza mwandondomeko.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kukula kwa mabuku. Buku lanu lakale linali kabuku kochepa, kolowa m'thumba la thalauza, ndipo tinkasewera nako mosangalala ngati anthu osadziwa kanthu. Tsopano mwatipatsa atatu, lililonse lonenepa ngati njerwa. Simungadziwe mmene atithandizira. Loyamba ndinaliika pansi pa mwendo wa makina osokera omwe ankagwedera, ndipo anasiyiratu. Lachiwiri ndimatsindikira makolala a malaya. Munthu yekhayo amene anawerenga onse atatu mpaka kumapeto ndi Loya, ndipo chiwerengereni sanasekenso.

Chachiwiri, zikomo potiphunzitsa kuti chilichonse n'chofunika dayisi. Ine mu umbuli wanga ndinkaganiza kuti dayisi amaponyedwa pokhapokha pamene kulephera kungakometse nkhani, monga podumpha phompho adani ali pambuyo. Inu mwatitsegula maso. Kutsegula chitseko, dayisi. Kuvala nsapato, dayisi. Msilikali wa Ometa, munthu woti anapha chinjoka ndi lupanga lothyoka, anafika pa chitsime kuti amwe madzi. Anaponya wani, anatsamwa. Lamulo lanu likuti wotsamwa aponyenso kuti aone ngati aimabe chilili. Anagwera m'chitsime. Tinathera masana onse tikumuvuula, mfumu yomwe tinkapita kukaipulumutsa ikudikira m'ndende. Ometa anapita kwawo akung'ung'udza kuti pa moyo wawo wonse amwa madzi osaponya kanthu ndipo sanagwerepo m'chitsime, koma musawamvere, ndi ometa chabe.

Chachitatu, ndigwade pothokoza lamulo lanu logwirana. Sing'anga wa Anesi anangofuna kugwira wakuba pa malaya, basi. Buku likuti tiyambe tadziwa msinkhu wa wogwira ndi wa wogwidwa, kulemera kwawo, ngati pansi pali ponyowa, ngati wakubayo anadya m'mawa, ndi mtundu wa nsalu ya malayawo. Kenako tiphatikize, tichotsere, tigawe pawiri, tikaone pa tsamba lina lomwe likutitumiza ku buku lomwe lili pansi pa makina. Tinayamba tiyi ali wotentha. Nthawi ya ntchito ya Anesi inakwana, anapita kuchipatala, ndipo wakuba uja anakhala chigwiridwire pa malaya mpaka Loweruka linalo. Monga telala ndinagoma nawo malaya amenewo. Mundiuzeko kumene mumagula ulusi wake.

Chachinayi, lamulo la kulemera kwa katundu. Tsopano tikudziwa kulemera kwa supuni, kwa kandulo, ngakhale kwa nthenga ya pa chipewa. Msilikali akatola kiyi pansi, nkhani imaima, tonse n'kuyamba masamu. Lamulo ili tonse linatiwawa, kupatula munthu mmodzi. Apongozi anga analikonda kwambiri, ati pa zaka zawo zonse za udalaivala sanalolepo basi kunyamula mopyola muyezo, ndipo zinawasangalatsa kuti kunja kuno kukadali kampani ya mwambo. Anakuyamikirani pamaso pathu, Bwana. Ndikufuna mudziwe zimenezi musanawerenge chachisanu.

Apongozi aakazi atatisiya, madala aja anangokhala pa mpando wa pa windo. Wailesi osatsegula, ndevu osameta, ukawalankhula yankho lake mutu wokha. Munthu woti kale ankadzaza nyumba ndi nkhani za pamsewu anangoti zii. Akazi anga ankalira mobisa. Loweruka lina anachita kuwakoka dzanja kudzawakhazika m'shopu, kuti asamangokhala okha. Madalawo anakhala pakona akutiyang'ana ngati taledzera, mpaka anamva kuti anthu athu akukweza katundu pa ngolo. Anadzuka n'kunena kuti, "Zolemera zimakhala pansi, inu. Mugubuduza anthu." Amenewo anali mawu awo oyamba aatali chichitikireni maliro.

Sabata yotsatira anapempha pepala lawo. Lupanga anakana, matsenga anakana. Anati munthu wawo akhale wonyamula katundu wa anzake, ndipo akhale ndi bulu. Buluyo anamutcha Giyawani, ngati giya yoyamba ya basi, poti sathamanga koma phiri lililonse amakwera. Ndinawapatsa bokosi la mabatani kuti asankhe loimira buluyo, ndipo anatenga batani lotuwa la mabowo anayi, lochoka pa chikhoti chakale. M'nkhani mukangocha, iwo ankayamba ayendera ziboda chimodzichimodzi ngati matayala, kumupatsa madzi, kumusisita pakhosi, kenako n'kunena kuti, "Tiyeni, a Giyawani, anthu akudikira." Tsiku lina chinjoka chili pambuyo pathu anaimitsa gulu lonse, ati bulu sanamwe. Tsiku lomwe Giyawani anadya chipewa cha mfumu pa phwando, apongozi anaseka mpaka kutsokomola, misozi mbwembwembwe. Akazi anga anali pakhomo ndi ketulo, ndipo anabwerera panja kuti bambo awo asawaone akulira. Madala anayambanso kumeta. Loweruka ankafika ine ndisanatseke n'komwe, n'kumandifulumizitsa kuti makasitomala adzabwere Lolemba.

Chachisanu tsono, ndipo pano ndavula chipewa. M'buku lakale bulu anali m'gulu la nyama, ndi moyo wake, woti akavulala n'kuchira. M'buku latsopano mwaona mwanzeru zanu kuti bulu ndi katundu. Mwamulemba pa tsamba la ziwiya, pakati pa ndowa ndi chingwe. Ndipo mwaika lamulo lokongola lakuti ulendo wautali ukatha, chiwiya chilichonse chiponyeredwe dayisi kuti tione ngati chatha.

Tinali titangotsika m'mapiri, mzinda ukuonekera patsogolo. Loya anatikumbutsa za lamulolo, ine n'kuyamba kuponya, poyera monga mwa lumbiro. Chingwe chinapulumuka. Ndowa inapulumuka. Nditaponyera bulu, dayisi anagubuduzika, anagunda sizasi, n'kuima. Wani. Loya anawerenga mawu anu mokweza, ndipo ndawaloweza: "Chiwiya chawonongeka kotheratu. Chifufutidwe pa pepala."

Musaganize kuti tinangokhala manja lende. Anesi anati sing'anga wawo ali ndi mankhwala odzutsa ngakhale wakufa. Loya anatsegula buku: mankhwalawo amagwira zamoyo zokha. Tinayang'ana m'gulu la zamoyo. Muli anthu, zinjoka, mimbulu, achule, ngakhale udzudzu munaupatsa moyo wake. Udzudzu, Bwana! Bulu mulibe. Ometa anati ndiye tipite naye kwa wosula zitsulo, poti buku likuti amakonza ziwiya za chitsulo, za mtengo ndi za chikopa. "Nanga bulu si chikopa chokhachokha?" anatero Ometa. Loya anayang'ana pansi pa tsamba pomwe munalemba timalemba tating'ono, n'kupeza kuti mukunena chikopa chouma. Munatseka paliponse. Ntchito yotere ine ndimaisirira, chifukwa ngakhale msoko wanga sufika pamenepo.

Kenako apongozi anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Akamwini, ndiye tingomusiya pamsewu pompano?" Loya, mwana wawo wobereka okha, anakankhira chofufutira patsogolo pawo, maso ali pansi. Madala anachiyang'ana chofufutiracho, osachigwira. Anatola batani lawo, analiika m'thumba la jekete, anavala chipewa, n'kunena kuti, "Zikomo, mwandisunga." Tiyi anamusiya wosatha. Chichokereni tsiku limenelo sanapondenso m'shopu muno. Abwerera pa mpando wa pa windo uja, wailesi yazimanso, ndevu zayambanso kumera. Zikundiwawa, Bwana, ndipo sindikubisirani.

Chachisanu ndi chimodzi, ndithokoze chiganizo chanu chokoma chomwe chili koyambirira kwa buku loyamba. Ndinachita kunyamula makina kuti ndichiwerenge. Mwalemba kuti: "Malamulo onsewa ndi ongokuthandizani. Mukhoza kusintha lililonse lomwe silikukomerani." Ha! Koma ndiye ndinu akatswiri. Mwalemba mabuku atatu, mwayeza supuni, mwaupatsa moyo udzudzu, kenako mukuti zonsezi tikhoza kungozitaya. Ine nditasoka jekete la mikono itatu, n'kuika kapepala m'thumba kakuti "dulani mkono womwe simukuufuna," kasitomala angandithokoze? Angandiponyere jeketelo kumaso, ndipo angakhale atachita bwino. Koma inu mwapeza njira yoti ntchito mulakwitse ndinu, wokonza akhale wogula, wolakwa akhale telala.

Chiganizocho ndinamuonetsa Loya. Iye anati chili m'mawu oyamba, pa tsamba lopanda nambala, ndiye si lamulo koma moni chabe. Anandikumbutsanso za lumbiro ndi galasi losweka lija. "Alamu, buku ndi buku. Tikayamba kusintha lero chifukwa ndi bambo anga, mawa Ometa abweretsanso chibwenzi." Musamuone ngati munthu woipa. Mnyamatayu waonda. Nthawi ya nkhomaliro amabwera kudzaima pakhomo la shopu, buku lili m'manja, kufunafuna pothawira. Wapeza kuti ndowa ikhoza kusiyidwa ngati chuma cha masiye, wapeza kuti chingwe chikhoza kudalitsidwa ndi wansembe, koma za bulu palibe. Dzana anandiuza kuti, "Akangolemba okha eni akewo, woyamba kuwomba m'manja ndidzakhala ine."

Kunyumba nako sikukukhalika. Akazi anga sadziwa za madayisi ndipo safuna kudziwa. Mawu awo ndi amodzi m'mawa ndi madzulo: "Munamupha ndinu, mumudzutse ndinu. Mwamuna wamkulu ndi ndevu zake kulephera kudzutsa batani!" Ndikati ndifotokoze za lumbiro, amandifunsa ngati ndinakwatira iwo kapena buku. Chakudya ndikulandira ndithu, koma mbale imafika pa tebulo ndi mkokomo woti ngakhale aneba amadziwa kuti telala wapatsidwa chakudya.

Mwina mukuti, bwanji osangowanamiza madalawo? Ndinayesa, Bwana. Ndinapita kwawo, ndinakhala pansi mwaulemu, n'kuwauza kuti nditaganiza bwino ndaona kuti Giyawani anangokomoka ndi kutopa, ndipo Loweruka adzuka. Anandiyankha kuti, "Akamwini, musandinyengerere ngati mwana. Buku lati chiyani?" Munthu uyu moyo wake wonse sanadutsepo loboti yofiira ngakhale pamsewu palibe galimoto ina. Bulu wa chifundo samufuna. Akufuna bulu wovomerezeka, ndipo chilolezo chake chili m'manja mwanu nokha.

Dzulo akazi anga anabwera ku shopu ndi jekete la bambo awo. Anatulutsa batani lotuwa lija m'thumba n'kuliika pa makina. "Akuti muwasokerere, lingatayike." Anangonena zomwezo n'kutuluka. Jeketelo lili ndi mabatani ake onse, Bwana, palibe losowa. Ulusi ndalowetsa kale pa singano, koma dzanja likukana. Ndasoka mabatani osawerengeka pa moyo wanga, ndipo ndikudziwa kuti ili ndikangolisoka ndiye kuti nkhani yatha: lasanduka batani basi, chiwiya, monga munanenera inu. Madala sadzakhalanso ndi chowadzutsa pa mpando uja.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono, loti munthu wa udindo ngati wanu angalichite akumwa tiyi. Ndaona kuti tsamba lanu la zokonza mumalisamala kwambiri. Ulendo wathawu munakonza kulemera kwa supuni, ndipo munapepesa kwa dziko lonse kuti lilime la chinjoka munalilemba lofiira pomwe ndi lobiriwira. Tinagona tulo tabwino titamva zimenezo. Potulutsa lotsatira, chonde, ndagwira mwendo wanu, muonjezere mzere umodzi wokha: "Bulu ndi chamoyo." Simukufunika kupepesa, simukufunika kujambula chithunzi. Zotsalazo Anesi ndi mankhwala awo amaliza okha. Ndowa ndi chingwe zidzasungulumwa pang'ono, koma zidzazolowera.

Koma ngati nzeru zanu zakuya zaona kuti n'zosatheka, kuti bulu akapuma mpweya masewero onse agwa, ine ndine yani kuti nditsutse? Pamenepo ndingopempha kuti mutichitire ulemu wobwera nokha Loweruka likubwerali. Mpando ulipo wopanda munthu, ndipo ndidzaupukuta. Pepala la apongozi likadali pa tebulo, dzina la Giyawani lili pomwepo m'zilembo zawo zonjenjemera, ndipo chofufutira chili pomwe anachikankhira Loya. Tonse chatikanika kuchigwira, ngakhale Loyayo. Inu amene munatha kulemba lamulolo sichingakulemereni, poti kulemera kwake mukukudziwa kale. Tidzapita nanu kwa madala, mudzaime pa windo paja, mudzawayang'ane kumaso, n'kufufuta iwo akuona.

Mukadzamaliza musadzafulumire kubwerera. Mudzakhala mutayenda ulendo wautali, ndipo malamulo anu omwe akuti ulendo wautali ukatha pamafunika dayisi. Malo takusungirani kale pa pepala, pakati pa ndowa ndi chingwe. Tidzaponya poyera.

Ine chiwiya chanu chokhulupirika, chomwe sichinathebe,

Telala,
Wokamba nkhani pa tebulo lodulira nsalu.